Kuwalitsa Ana

Ntchito yanga ndi ya malovu a anthu ena. Ndinene choncho poyambirira, chifukwa anthu akamva kuti ndimagwira mu labu amangoganiza za chovala choyera ndi makompyuta. Ayi ndithu. M'mawa uliwonse amandibweretsera bokosi lozizira lodzaza timitengo ta thonje timene anamwino apisa kukhosi kwa odwala. Ine ndimapaka timitengoto pa timbale ta magazi oundana, n'kuika m'kabati yofunda, mawa lake n'kutsegula kuti ndione chimene chamera. Fungo lake musandifunse. Zaka zisanu ndi zinayi ndikugwira ntchito imeneyi, koma mpaka lero sindidya masana ndisanasambe m'manja katatu.

Choncho ukhondo ndimaudziwa, ndipo munthu wauve sindimubisira mawu. Pakamwa panga sipachedwa, zimenezo ndikuvomera.

Matendawo anayambira m'sukulu zamkaka. Mwana ankatentha thupi, kumeza kunkamuvuta, kenako khungu linkakhakhala ngati sandipepa, lilime n'kufiira psuu. Mabuku athu amati sikaleti, koma makolo ankangoti lilime lofiira. Pasanathe masabata awiri, sukulu zitatu zinali zitagwidwa, ana makumi atatu ndi mmodzi ali gone. Mmodzi mwa iwo anali wanga, wa zaka zinayi, amene timamutcha Kambalame chifukwa satseka pakamwa. Masiku atatu amene anagona m'chipatala sanalankhule ngakhale liwu limodzi. Atatuluka, khungu la kunsonga kwa zala zake linayamba kusupuka, iye n'kumandionetsa akuseka, ine misozi ili m'maso.

M'kalasi mwawo munali ana khumi ndi anayi. Anadwala khumi ndi atatu. Wotsalayo anali mwana wa mayi wokolopa.

Mayi ameneyu makolo tonse tinkangomutcha a Mopu. Ankakolopa makalasi, kutsuka zimbudzi, kenako ndi manja omwewo kutsuka makapu a ana. Zala zake zinali zong'aluka ndi mankhwala otsukira, ankayenda akukoka masilipasi, ndipo ankatsokomola kachifuwa kosatha. Ankakhala m'kachipinda kuseri kwa sukulu ndi kamtsikana kake, kamene kankaphunzira pomwepo chifukwa mayi ake ankagwira ntchito pasukulupo. Kamwanako mamina sankakachoka pamphuno. Ndikakaona kakugwirana manja ndi Kambalame, ndinkanyansidwa.

Anamwino atabwera kudzayeza ogwira ntchito onse, kachipangizo kawo koyeza mwachangu kanaonetsa kuti kukhosi kwa a Mopu kuli tizilombo. Basi, nkhani inathera pomwepo. Pamsonkhano wa makolo wina anati, "Mwana wake bwanji sakudwala? Si chifukwa matendawa ndi a m'nyumba mwawo, anawazolowera?" Anthu onse anati eee, n'zoona.

Ine ndinkadziwa bwino lomwe kuti anthu ambiri amayenda ndi tizilombo totere kukhosi osadwalitsa munthu. Ndinkadziwa. Koma ndinali nditangochoka kumene kuchipatala, tulo tili m'maso, mtima uli m'mwamba. Ndinaimirira n'kunena kuti, "Ine ndimagwira mu labu." Ndinamuloza chala mayi uja, munthu wamkulu kwa ine, n'kumuuza kuti, "Iwe, uve wakowo watsala pang'ono kundiphera mwana." Ndinati iwe, pamaso pa anthu. Iye anangoyang'ana masilipasi ake.

A hedi anamuimitsa ntchito tsiku lomwelo. Anati komiti ya makolo ikumana Lachisanu kuti imuchotse kotheratu, atuluke m'kachipinda kaja, ndi mwana wake yemwe asaonekenso pageti.

Tsono Lolemba m'mawa, ndikuvala magolovesi, abwana anga anandiitana. Ndi mayi wamfupi, dokotala wa tizilombo, amene amatafuna chivindikiro cha cholembera akamaganiza, khalidwe limene ndimadana nalo koma ndilibe pothawira.

"Tabwerani muone mtengo wathu," anatero.

Ndifotokoze za mtengowo. Tizilombo tikamera pa kambale, timatisungunula n'kuika m'makina amene amawerenga chibadwa chake, malembo pafupifupi mamiliyoni awiri pa kachilombo kamodzi. Kenako kompyuta imayerekeza malembo a wodwala uyu ndi a uyo, n'kujambula mtengo wa chibale. Tizilombo tochokera kumodzi timakhala pa nthambi imodzi, totalikirana timakhala kutali. Kachipangizo ka anamwino kamangoti tilipo kapena palibe. Makina athu amanena kuti ndi ta kwa yani.

Ana onse makumi atatu ndi mmodzi, a sukulu zitatu zonse, anali ataunjikana pa kanthambi kamodzi. Ena sankasiyana ngakhale lembo limodzi, ena malembo awiri okha.

"Nanga aka kali kokhaka?" ndinafunsa, ndikuloza kadontho kamene kanali kumapeto kwenikweni kwa sikirini.

"Ndi ka munthu wamkulu wogwira ntchito pasukulu yachiwiri, pafomu alemba kuti wokolopa. Tizilombo take tikusiyana ndi ta anawa malembo masauzande ambiri. Si achibale n'komwe. Ameneyu sanadwalitse mwana aliyense."

Amenewo anali a Mopu. Abwana sanadziwe chimene ndinalankhula pamsonkhano paja, ndipo ine sindinawauze.

"Chimene tikufuna," anapitiriza akutafuna cholembera chawo, "ndi munthu kapena chinthu chimene chinalowa m'sukulu zitatu zonsezi. Onani masiku. Yoyamba ana anayamba kudwala pa 5, yachiwiri pa 9, yachitatu pa 13. Tichotse paliponse masiku awiri kapena atatu amene matenda amabisala m'thupi. Ndani anali pasukulu yoyamba cha pa 3, yachiwiri cha pa 6 kapena 7, yachitatu cha pa 10? Woyendetsa basi ya ana? Wobweretsa buledi?"

Pa 3. Pa 7. Pa 10. Masiku amenewo ndinkawaona m'mawa uliwonse pa kalendala ya kukhitchini kwathu, atazunguliridwa ndi cholembera chofiira.

Amuna anga ndi wojambula zithunzi. Kumapeto kwa teremu amayenda m'sukulu kujambula ana, mmodzimmodzi kenako kalasi yonse, ndipo ana amawatcha Ankolo Mwetulani. Abale inu, munthu waukhondo ngati ameneyu simunamuone. Malaya oyera mbee, nsapato zowala, zikhadabo zowenga, pefyumu womveka asanafike. Amasita ngakhale kampango ka m'thumba. Ndinene zoona, n'chimene ndinawakondera. Mwezi wathawo anadandaulapo kukhosi, ndinawauza kuti apite kuchipatala, iwo anati ndi kachimfine chabe, n'kumwa madzi a mandimu masiku awiri, zinathera pomwepo.

Koma wojambula amaima patali ndi kamera yake. Angapatsire bwanji ana onsewo? Ndinadzilimbitsa mtima ndi funso limenelo mpaka nthawi yoweruka.

Nditafika kunyumba ndinapeza Kambalame pakhonde akupesa chidole chake.

"Tandiuza, adadi akabwera kusukulu kudzajambula, amatani asanajambule?"

"Amatiimika pamzere."

"Kenako?"

"Amatiwalitsa."

"Kuwalitsa bwanji?"

Mwanayo anaimirira mosangalala kuti andionetse. Anakulunga nsonga ya diresi lake pachala, anatulutsa lilime, ananyowetsa nsaluyo bwinobwino, kenako anandigwira chibwano n'kuyamba kundipukuta. Patsaya, pansi pa mphuno, m'mbali mwa milomo. Anabwezeranso chala chija palilime n'kundisalaza nsidze.

"Mwawala tsopano, amami. Mwetulani!"

Asa! Ndinathamangira kubafa. Ndinasamba kumaso ndi sopo kawiri, ndikuona m'maganizo mzere wa ana atakweza zibwano, aliyense akudikira nthawi yake.

Bambo ake ndinawapeza kuchipinda akusita malaya a mawa, akuimba mluzu.

"Bambo a Kambalame, kodi mumanyambita kampango n'kumapukutira ana a eni ake?"

"Aaa, kunyambita kwa chiyani? Ndimangonyowetsa pang'ono. Inu mukudziwa mmene ana amatuwira. Kholo liti lingalandire chithunzi cha mwana wotuwa mbuu, zakudya zili m'milomo?"

"Madzi kulibe kusukuluko?"

"Ana makumi atatu ali pamzere, dzuwa likusuntha, ndizithamangira kumpopi?"

"Kampango kamodzi ana onsewo?"

"Ndimasintha ngodya," anatero, ndipo ananena monyadira. "Kali ndi ngodya zinayi."

Zaka zisanu ndi chimodzi ndikugona ndi munthu ameneyu, ndikumutamanda kwa anzanga kuti ndinapeza mwamuna waukhondo. Ndinayang'ana timipango take titasanjikizidwa pabedi, toyera, topindidwa bwino, ndipo tinandinyansa kuposa chilichonse chimene ndinatsegulapo mu labu.

Lachiwiri m'mawa ndinawakokera kuchipatala ngati mwana. Namwino anawapisa kamtengo kukhosi, iwo n'kumachita ngati akuphedwa. Kuntchito ndinawauza abwana zonse, za kampango ndi za pakamwa panga pomwe. Anachotsa cholembera pakamwa.

"Kambale ka amuna anu musakagwire," anatero. "Ndikaona ndekha."

Masiku awiri odikira zotsatira m'nyumba mwathu munali mozizira. Ndinawapatulira kapu yawo, sipuni yawo, thaulo lawo. Lachitatu madzulo, tikudya, anayamba kundinyengerera.

"Amayi a Kambalame, tiyerekeze kuti zapezeka. Mukadziwa bwanji kuti si mwanayu anandipatsira ine?"

"Kukhosi kwanu kunawawa liti? Mwanayu anadwala liti? Ndipo sukulu yoyamba ija Kambalame anapitako?"

Anatsitsa mawu. "Mukanena zimenezi, ndi sukulu iti imene idzandiitanenso? Dzina langa lithera pomwepo. Taganizani bwino. Mayi ujayo apeza pena. Kukolopa kuli paliponse."

Ndinaika sipuni pansi. Ndinkayesa kuti kampango kaja ndiye mapeto a zonyansa, osadziwa kuti zina zikadali m'kamwa momwemo. Choipitsitsa n'chakuti mawu amenewo ndinali nditawaganizapo inenso, m'basi popita kuntchito, ndisanawamve kwa iwo.

Lachinayi masana abwana anandiitananso. Pa kanthambi ka ana paja panali patawonjezeka kadontho kamodzi, patsinde penipeni, kosasiyana ngakhale lembo limodzi ndi ana amene anayamba kudwala.

"Mumve bwino," anatero. "Mtengowu pawokha sunena kuti uyu ndiye anapatsira uyu. Umangoti tizilombo tawo ndi timodzi. Zinazo amanena ndi masiku, ndi zimene munthu ankachita. Amuna anu ayambe mankhwala lero, amalize onse, asayandikire sukulu. Lipoti lathu lipita ku ofesi ya zaumoyo, ndipo simukhala dzina la munthu."

"Lifika liti kusukulu?"

"Masabata awiri, mwina atatu."

"Komiti ikukumana mawa, abwana."

Anatafuna cholembera kanthawi. Kenako analemba kalata yaifupi, anadinda, n'kuika mu envelopu. "Izi ndi zotsatira za mayi wokolopayo. Ndi zake, akhoza kuonetsa amene akufuna. Za amuna anu labu ino sinena kanthu, ndipo inunso musakanene m'dzina la labu."

Lachisanu m'mawa ndinawafunsa bambo a Kambalame kamodzi kokha. "Mukalankhula nokha, kapena ndikalankhule ine?" Anati mutu ukuwawawa, n'kutembenukira kukhoma. Ndinatenga chithunzi cha kalasi ya Kambalame chimene chinali pamwamba pa kabati, ndinachiika m'chikwama pamodzi ndi envelopu ija ndi kampango kawo kamodzi, n'kutuluka.

Ndinafika kusukulu msonkhano usanayambe ndipo ndinazungulira kuseri. Chitseko cha kachipinda kaja chinali chotsegula. Katundu anali atamangidwa kale: matumba awiri, ndowa, matiresi opindidwa ndi chingwe. Pansi panali pokolopa mwakuti ndinachita manyazi kupondapo ndi nsapato zanga. Makapu awiri anali atavundikiridwa pa kansalu koyera. Ndimayembekezera fungo, koma munkangomveka sopo.

"Odi, mayi," ndinatero. Liwu loti mayi linatuluka movutikira.

Anandiyang'ana, sanandipatse mpando. Ndinamupatsa envelopu ija n'kumufotokozera kuti tizilombo ta kukhosi kwake si timene tinadwalitsa ana. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Pepala ndalandira," anatero. "Koma akandifunsabe kuti nanga mwana wako bwanji sanadwale. Pepalali liyankha zimenezo?"

Funso limenelo linali litandizunguza mutu sabata yonse. Ndinatulutsa chithunzi chija, n'kumuuza za kampango, ndikuyang'ana pansi.

Sanadabwe. Anapukuta manja pa epuloni, anatenga chithunzicho n'kuchiyandikiza kumaso.

"Ndinkaona ine," anatero. "Ndinali pakhonde ndi ndowa yanga. Ndinawauza a hedi kuti abambowa akupaka ana malovu. Anandiyankha kuti ndisamale za mopu wanga." Analoza kumapeto kwa mzere wakumbuyo. "Wanga ndi uyu."

Chithunzi chimenechi chinakhala pakabati pathu milungu itatu, ndipo nthawi zonse ndinkangoyang'ana Kambalame. Tsopano ndinayang'ana onse. Nkhope khumi ndi zitatu zinali waliwali, nsidze zogona bwino, milomo yoyera. Ya khumi ndi chinayi inali yotuwa mbuu, mamina ataumira pansi pa mphuno, ndipo inali yokhayo yosamwetulira.

"Anaima pamzere ngati anzake," anapitiriza mayiyo. "Anakweza chibwano. Amuna anu anamuyang'ana n'kunena kuti, uyu ayi, andidetsera kampango. Anamudumpha. Mwanayu analira tsiku lonse kuti Ankolo sanandiwalitse. Inenso ndinalira, mayi, ndisaname. Ndinati mwana wanga wanyozeka."

Ndinakhala pa matiresi opindidwa aja popanda wondiuza. Ndinafuna kupepesa, koma mawu onse amene ndinali nawo anandionekera aang'ono.

"Tiyeni," ndinatero pomaliza. "Tikalowe limodzi."

Holo inali yodzaza. A hedi anali kutsogolo ndi a komiti, kalata yochotsa munthu ntchito ili kale patebulo. Atationa tikulowa limodzi, anthu anayamba kunong'onezana. Sindinadikire kupatsidwa mwayi.

"Tsiku lija ndinaima pano n'kunena kuti ndimagwira mu labu," ndinatero. "Lero sindikulankhula za labu. Ndikulankhula ngati mkazi wa Ankolo Mwetulani."

Ndinawauza zonse. Ndinatulutsa kampango kamodzi ka amuna anga, ndinakakulunga pachala, n'kuwaonetsa mmene ana awo anawalitsidwira, ngodya zinayi zonse. Mayi wina anagwira pakamwa n'kuthamangira panja. Bambo wina anatukwana mawu amene sindingabwereze. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Nanga mwana wa a Mopu bwanji sanadwale?" Ndinakweza chithunzi chija.

"Yang'anani zithunzi zanu kunyumba, nonse muli nacho. Mwana mmodzi yekha sanawalitsidwe, chifukwa amuna anga ananyansidwa naye. Ndi yekhayo amene sanadwale. Ife aukhondo tinatenga chithunzi cha malovu n'kuchiika m'felemu, kenako tinabwera kuno kudzathamangitsa munthu yekhayo amene anaona n'kunena."

A hedi anayamba kusanja mapepala amene anali osanjika kale. Mayi uja anapita kutsogolo yekha, anaika envelopu yake pamwamba pa kalata yawo ija, n'kubwerera kudzaima pakhomo. Ndinatembenukira kwa iye.

"Mayi, ndinakutchulani iwe pamaso pa anthu awa. Ndinalakwa. Pepani."

Anangogwedeza mutu pang'ono. Wapampando wa komiti anawerenga kalata ya abwana kawiri, anakambirana ndi anzake mwakachetechete, kenako analengeza kuti mayiwa abwerere pantchito Lolemba ndipo m'kachipinda kawo asatuluke. Palibe anawomba m'manja. Anthu ankatuluka mofulumira, osandiyang'ana, ndipo ndinadziwa kuti pofika madzulo sukulu zonse zikhala zitamva za kampango ka amuna anga. Zimene ndikapeze kunyumba ndinkazidziwanso.

Pageti ndinawapeza awiriwo, mayi ndi mwana wake, akubwerera kukamasula katundu. Kamtsikanako kanandiyang'ana n'kufunsa ngati Kambalame abwere Lolemba. Ndinati abwera. Mamina anali atatsikanso mpaka pamlomo. Dzanja langa linapita lokha m'chikwama, ndinatulutsa tishu watsopano, ndinawerama n'kukagwira chibwano. Kamwanako kanakweza nkhope msanga, katatsinzina, kakumwetulira.

Mayi ake anandigwira pamkono. Sanakoke mwamphamvu, koma zala zake zong'aluka zija sizinandisiye mpaka nditabweza dzanja.

"Musiyeni, mayi," anatero. "Ndikamupukuta ndekha."